Mmene Khoti Limagamulira Milandu

Nkhani yathu ya lero ndi ya khoti. Ambiri a ife tikangomva kuti kwabwera chisamani, mtima umathamanga, chakudya osakomanso. Ena amabisala kumunda, ena amathaŵira kwa abale kutali. Mantha ameneŵa amabwera chifukwa sitidziŵa zimene zimachitika mkatimo. Tsono popeza mukutha kuŵerenga ndi kulemba, ndi bwino mudziŵe zinthu ziŵiri: mmene woweruza amafikira pa chigamulo, ndiponso mmene chigamulocho chimagwirira ntchito anthu akatuluka m'khoti.

Makhoti athu

Milandu yambiri imayambira kwa majisitireti, amene ali m'maboma onse. Pamwamba pa majisitireti pali Khoti Lalikulu, limene lili ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Zomba. Oweruza akumeneko timawatcha majaji. Pamwamba penipeni pali khoti la Supreme, limene limamva maapilo ochokera ku Khoti Lalikulu. Likagamula limeneli, nkhani yathera pomwepo.

Malamulo oyendetsera dziko lino, amene tinayamba kuwatsata mu 1994, amati makhoti ndi oima paokha. Nduna, phungu, mfumu kapena Pulezidenti amene, sangauze woweruza kuti gamulani chakuti. Kale sizinali choncho. M'nthaŵi ya ulamuliro wa Dr Banda, milandu ina ikuluikulu inkapita ku makhoti a mafumu, kumene loya sankaloledwa kuimira munthu. Bambo Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera anagamulidwa kuti aphedwe m'khoti lotere mu 1983. Makhoti amenewo kulibenso. Mafumu athu akuthandizabe kuyanjanitsa anthu pamudzi, koma alibe mphamvu yotsekera munthu m'ndende.

Milandu ili mitundu iŵiri

Mtundu woyamba ndi wa upandu, monga kuba, kuvulaza munthu ndi kupha. Pamenepa Boma ndilo limaimba munthu mlandu. Mtundu wachiŵiri ndi wa kusamvana pakati pa anthu, monga ngongole, malire a munda ndi kuthetsa ukwati. Pamenepa wodandaula ndiye amasumira mnzake.

Pa mlandu wa upandu lamulo limati munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litampeza wolakwa. Ntchito yotsimikiza mlandu ndi ya Boma, ndipo woweruza akatsala ndi chikayiko chenicheni, ayenera kummasula munthuyo. Ndiponso munthu akamangidwa, apolisi ayenera kupita naye kukhoti maola 48 asanathe. Nthaŵiyo ikathera pa tsiku limene khoti silitsegula, apite naye tsiku loyamba lotsegula. Pa milandu ya kusamvana woweruza amaika mbali ziŵirizo pa sikelo, naona kuti nkhani yomveka zoona kuposa inzake ndi iti.

Woweruza amayang'ana chiyani?

Choyamba ndi umboni. Woweruza sanalipo pamene zinthu zinkachitika, choncho amadalira zimene mboni zanena zitalumbira, ndi mapepala amene aperekedwa. Mboni inene zimene inaona kapena kumva yokha. Zoti "ndinamva kuchitsime" sizikhala ndi mphamvu.

Tiyerekeze kuti munabwereketsa mnzanu K200,000, ndipo lero akukana kwamtuwagalu. Mukangoti "Mulungu akudziŵa," woweruza asoŵa pogwira. Koma ngati munalemberana kakalata, iye nkusainira pamaso pa mboni ziŵiri, nkhani yanu ili ndi miyendo. Apa ndiye mukuona phindu la sukulu yathuyi. Musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene simunaliŵerenge.

Chachiŵiri ndi kumva mbali zonse. Wodandaula amalankhula, woyankha mlandu amalankhulanso, ndipo aliyense ali ndi ufulu wofunsa mafunso mboni za mnzake. Ngati Chingerezi simuchimva, nenani, m'khoti muli womasulira. Ngati mulibe ndalama za loya, kafunseni thandizo ku ofesi ya Legal Aid Bureau, imene inakhazikitsidwa kuti izithandiza osauka.

Chachitatu ndi lamulo. Woweruza sagamula potsata mtima wake. Amatsegula malamulo amene aphungu anapanga ku Nyumba ya Malamulo, naonanso mmene makhoti aakulu anagamulira milandu yofanana nayo m'mbuyomu. Akatero amanena chigamulo chake pamodzi ndi zifukwa zake.

Munthu akapezeka wolakwa, amampatsa mpata wodandaula chilango chisanaperekedwe. Khoti limaona ngati ndi koyamba kulakwa, ngati anavomera mlandu osavutitsa, msinkhu wake, ndi kukula kwa zimene anawononga. Ngakhale pa mlandu wakupha, mu 2007 Khoti Lalikulu linagamula pa mlandu wa Kafantayeni kuti si bwino kukakamiza jaji kupereka chilango cha imfa kwa aliyense. Ayambe wamva mmene zinthu zinachitikira.

Chigamulo chikaperekedwa

Mwina wina afunsa kuti, "Nanga woweruzayo, poti alibe mfuti kapena unyolo, mawu ake amagwira bwanji ntchito?" Alipo anthu amene lamulo linawapatsa ntchito imeneyo. Pa mlandu wa upandu, apolisi ndi oyang'anira ndende ndiwo amakwaniritsa chigamulo. Wina amalipira chindapusa, ndipo alandire lisiti la Boma. Wina amagwira ntchito yothandiza anthu kwawo konko osalipidwa. Wina amapita kundende.

Pa mlandu wa ngongole, khoti limalamula kuti wogonja alipire. Ngati sangathe kupereka zonse pakamodzi, apemphe khoti kuti azilipira pang'onopang'ono. Akangokhala chete, wopambana uja amabwerera kukhoti kukatenga chikalata chotuma masherifu. Masherifu amabwera pakhomo, nalanda katundu monga njinga, wailesi kapena mbuzi, nkukagulitsa pa okishoni kuti ngongole ibwezedwe. Ndalama zolipira ntchito ya masherifuwo zimagweranso mwini ngongole yemweyo. Khoti likhozanso kulamula banki kuti ipereke ndalama za munthuyo kwa wopambana.

Apa pali machenjezo aŵiri. Inu amene mwapambana, musapite nokha ndi anyamata kukazula chitseko cha mnzanu. Mukatero mwapalamula mlandu watsopano. Inu amene mwagonja, masherifu akafika pemphani kuona chikalata cha khoti, muchiŵerenge, koma musalimbane nawo. Kunyozera dala lamulo la khoti ndi mlandu pawokha, ndipo munthu akhoza kumangidwa nawo. Kuthaŵa chisamani nako sikuthandiza. Pa ngongole khoti likhoza kugamula inu kulibe, pa upandu limatuma apolisi kudzakugwirani. Akuluakulu anati mlandu suwola.

Ngati simunakhutire

Woweruza naye ndi munthu, akhoza kuphonya. Nchifukwa chake pali apilo. Chigamulo cha majisitireti chimakaonedwanso ku Khoti Lalikulu, ndipo cha Khoti Lalikulu chimapita ku Supreme. Masiku ochitira apilo ndi oŵerengeka, choncho funsani kalaliki wa khoti tsiku lomwelo. Dziŵaninso kuti apilo payokha siimitsa masherifu. Muyenera kupempha khoti kuti liyambe laimitsa chigamulocho.

Lamulo silisankha wamkulu

Pa 21 May 2019 Amalaŵi tinavota, ndipo bungwe loyendetsa zisankho linalengeza kuti apambana ndi a Peter Mutharika. A Saulos Chilima ndi a Lazarus Chakwera sanakhutire, napita kukhoti. Mlanduwo anaumva majaji asanu, poti mutu umodzi susenza denga. Anamva mboni miyezi ingapo, naona mapepala a zotsatira, ena atafufutidwa ndi Tippex. Pa 3 February 2020, ku Lilongwe, anaŵerenga chigamulo tsiku lonse, nalamula kuti chisankho cha Pulezidenti chichitikenso masiku 150 asanathe, ndi kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Ogonja anachita apilo, koma pa 8 May khoti la Supreme linagwirizana ndi majaji asanu aja. Pa 23 June 2020 anthu anavotanso.

Njira imene inatsatidwa pa mlandu waukulu umenewu ndi yomweyo imene imatsatidwa pa mlandu wa mbuzi: umboni, kumva mbali zonse, lamulo, apilo, kenaka kumvera. Tsono chisamani chikakupezani, chiŵerengeni bwino, sungani tsiku, tengani mapepala anu ndi mboni zanu, mukafike nthaŵi yabwino. Mukaimirira, nenani zoona zokhazokha, modekha ndi mwaulemu.