DENGA LA NYUMBA YATHU: UDINDO NDI WA YANI?

Mawu olankhulidwa pa msonkhano wa atsogoleri a miphakati ku Likuni



Lero tikambirana za denga. Ena adabwa kuti nkhani yotere ikupezeka bwanji m'maphunziro a ufulu ndi udindo wa nzika. Koma taganizani za usiku wa mvula m'mwezi wa Januwale. Nyumba zambiri za ku Chinsapo, Mgona, Kawale ndi Biwi anthu sagona. Amayi amatchera mabeseni ndi mapoto pamene pakudontha, abambo amakoka mphasa kufuna pouma, ana amakumbatira makope awo a kusukulu. Kukacha aliyense amati, "Mvula ikatha tikonza." Mvula ikatha timaiwala. Mfundo yanga ndi imodzi: denga limakonzedwa m'chilimwe, ndi ndalama zosunga pang'onopang'ono, mothandizana, osati podikira malonjezo a munthu wina.

1. Denga lodontha limawononga chiyani?

Nyumba zambiri kuno n'zomangidwa ndi zidina, kapena njerwa zootcha koma zomangira dothi. Madzi akamalowa pamwamba pa khoma, dothi limafewa, khoma limang'aluka, ndipo tsiku lina limagwa, kawirikawiri usiku anthu ali m'tulo. Motero amene akulekerera lata limodzi lobooka akuika pachiswe nyumba yonse pamodzi ndi moyo wa ana ake.

Chinyontho chimaoletsa chimanga ndi mtedza zimene tasunga m'nyumba. Chuku cha pa mbewu zoterezi chimakhala ndi poizoni amene amawononga chiwindi. Ana ogona pozizira ndi ponyowa sachedwa kudwala chifuwa. Ndiponso mpata umene umatsala pakati pa khoma ndi denga ndiwo khomo lalikulu la udzudzu wofalitsa malungo. Ndalama imene tinakaniza pa misomali timakaisiya ku chipatala.

2. Kukonza kapena kusintha?

Si denga lililonse lodontha lofunika kuchotsa. M'mwezi wa Meyi kapena Juni, lowani m'nyumba masana, tsekani zitseko ndi mawindo, muyang'ane kumwamba. Paliponse pakulowa kuwala ndi pamene padzalowe madzi. Ngati ndi mabowo a misomali okha, mmisiri angathe kuwamata ndi phula. Koma ngati dzimbiri ladya malata mpaka kumayoyoka, kapena mitengo yafumbwa ndi chiswe denga n'kuyamba kulendewera pakati, kumata n'kutaya ndalama. Kukhoma malata atsopano pa mitengo yofumbwa n'kutayanso ndalama.

Kwa amene afolera udzu, denga likhale lotsetsereka kwambiri kuti madzi asaime, udzu ukhale wokhwima ndi wouma, ndipo pepala lakuda la pulasitiki loyala pansi pake liphimbike lonse, chifukwa dzuwa limaling'amba.

Chenjezo lapadera lipite kwa okhala m'nyumba zakale zofolera ndi asibesitosi. Fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda osachizika, kuphatikizapo khansa, ndipo amaonekera patapita zaka zambiri. Musadule ndi sowo, musaswe, ndipo ana asaseweretse zidutswa zake.

3. Pogula ndi pokhoma

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Malata amasiyana kukhuthala kwake, kumene amalonda amati geji. Nambala ikamakwera, lata limapyapyala: geji 28 ndi lolimba kuposa geji 30, ndipo geji 32 ndi lopyapyala kuposa onsewo. Ambiri anamizidwa pogula lopyapyala pa mtengo wa lokhuthala. Pitani ndi mmisiri wodziwa, onani zolembedwa pa latalo, ndipo musachoke opanda lisiti. Lamulo loteteza ogula limene linakhazikitsidwa mu 2003 limakupatsani ufulu wodandaula mukagulitsidwa katundu wachinyengo, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards lilipo kuti liziona ubwino wa katundu. Koma dandaulo lopanda lisiti silipita patali.

Pokhoma, imani pomwepo muone zinthu izi. Mitengo ikhale youma ndipo ipakidwe mankhwala a chiswe. Malata apitirirane m'mbali ndi mzere umodzi ndi theka, ndipo kumapeto ndi masentimita osachepera 15. Msomali ukhomedwe pamwamba pa msana wa lata, osati m'ngalande moyenda madzi. Denga litulukire kunja mokwanira kuti mvula isamenye khoma. Mpata wa pansi pa denga utsekedwe ndi njerwa.

Chachikulu koposa ndi ichi: mitengo ya denga imangiriridwe ku khoma ndi waya wolimba wolowa mizere ingapo ya njerwa kupita pansi. Mvula yoyamba ya Novembala imabwera ndi mphepo yamkuntho, ndipo madenga amene amasasuka ndi aja ongosanjika, opanikiza ndi miyala ndi matayala. Mwala wa padenga sugwira denga. Ukagwa umaphwanya mutu wa mwana. Chivomezi cha ku Karonga chitagwetsa nyumba zambiri mu Disembala 2009, boma linalemba malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, ndipo kumangirira denga ku khoma ndi imodzi mwa mfundo zake.

4. Ndalama zichokera kuti?

Tonse tikudziwa kuti mitengo yakwera. Zitsulo zopangira malata zimachokera kunja kwa dziko lino, choncho kwacha ikagwa, malata amakwera. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene anasunga ndalama m'chitini kudikira kuti zikwane denga lonse anapeza kuti zikugula malata ochepa kuposa poyamba. Nzeru yake ndi kusunga malata m'malo mwa ndalama. Mukagulitsa mbewu, kapena mukagawana ku banki m'khonde, gulani awiri kapena atatu, muwaike pouma, osagunda pansi. Pakutha zaka ziwiri denga lakwana popanda kupita kwa akatapila.

Inu a lendi, dziwani kuti kukonza denga ndi udindo wa mwini nyumba. Mukagwirizana kuti mukonze nokha n'kudula pa lendi, lembani papepala, musainirane pamaso pa mboni kapena amfumu. Ndipo inu eni nyumba muli pano, kulandira ndalama mwezi ndi mwezi kwa banja limene likugona m'madzi si chilungamo.

5. Malata ndi voti

Kuyambira m'chaka cha boma cha 2014/15 panali ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo, imene gawo lina linali ngongole yoyenera kubweza. Ena anapinduladi, koma anali ochepa pa dera lililonse la phungu, ndipo ambiri amene analeka kukonza nyumba zawo podikira kulembedwa maina anadikira pachabe. Ndondomeko za boma zimayendetsedwa ndi misonkho yathu. Choncho tili ndi ufulu wofunsa khansala ndi phungu kuti maina asankhidwa bwanji, ndipo ndani walandira. Kufunsa si mwano.

Koma malata ogawidwa pa nthawi ya kampeni ndi nkhani ina. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa opikisana pa chisankho kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa mavoti. Wokupatsani malata 10 lero watenga mawu anu a zaka zisanu. Mawa mankhwala akasowa kuchipatala, mudzamufunsa ndi pakamwa pati?

6. Mutu umodzi susenza denga

Mwambi uwu makolo athu anautenga pa ntchito yeniyeni. Denga la nkhokwe kapena la nyumba ankalimangira pansi, kenaka mudzi wonse unkabwera kudzalinyamula. M'mphakati uliwonse muli agogo olera adzukulu, amayi amasiye ndi olumala amene sangakwere padenga ngakhale kulipira mmisiri. Mulinso akalipentala ndi achinyamata amphamvu. Mphakati wa mabanja 20, banja lililonse litapereka lata limodzi pa chaka, ungathe kufolera kanyumba kamodzi chaka chilichonse mvula isanagwe. Posankha wothandizidwa tiyang'ane kuvutika kwake, osati chibale, chipani kapena mpingo wake. Ndalama ndi katundu zilembedwe m'buku ndipo ziwerengedwe poyera.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Ndi nyumba ziti m'dera lathu zimene sizingapirire mvula ikubwerayi?
2. Tili ndi amisiri angati pakati pathu, ndipo angaphunzitse achinyamata angati?
3. Munthu wa ndale akabwera ndi malata pa nthawi ya chisankho, tidzamuyankha chiyani?
4. Tiyamba liti, ndipo adzasunga buku ndani?

Mukabwerera kwanu, musayambe ndi msonkhano wina. Yambani ndi kuyendera nyumba, kulemba zimene mwaona, ndi kuika tsiku la ntchito mwezi wa Okutobala usanathe.