Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wokhazikitsa Komiti Yatsopano ya Chitukuko cha M'mudzi

A Wapampando a mwambo uno, Gogo Chalo, a Gulupu ndi mafumu nonse, a Khansala a dera lino, oimira a Bwanamkubwa, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, alangizi, aphunzitsi, amayi, abambo ndi achinyamata, ndikupereka ulemu kwa inu nonse. Zikomo pondiitana kudzachitira nawo umboni tsiku lalikulu ngati lino.

Ndiyambe ndathokoza a komiti imene ikutula pansi udindo. Ntchito ya komiti ya chitukuko cha m'mudzi, VDC, ilibe malipiro. Munthu amasiya khasu kumunda, n'kupalasa njinga yake kupita ku msonkhano wa ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse la Gogo Chalo, pobwera n'kupeza ena akumunena kuti wadyako ndalama. Mwapirira, ndipo mudzi uno ukukuthokozani.

Achinyamata amene muli pano, mudziwe kuti komiti ngati iyi siidagwe kuchokera kumwamba. Kale za chitukuko zinkagamulidwa ku likulu. Munthu amene sadapondepo m'mudzi muno ndiye ankanena pokumba mjigo ndi pomanga sukulu. M'chaka cha 1998 dziko lathu lidavomereza ndondomeko ya mphamvu ku anthu, ndipo Nyumba ya Malamulo idapanga lamulo la maboma ang'onoang'ono. Mu Novembala 2000 tidasankha makhansala. Koma nthawi yawo itatha mu 2005, tidakhala zaka 9 opanda khansala, mpaka chisankho cha patatu cha mu Meyi 2014. Zaka zonsezo makhonsolo ankayenda popanda anthu amene ife tidawavotera kuti azikatiimira kumeneko. Ndikukumbutsa zimenezi kuti tizindikire kuti mphamvu imene tili nayo lero itha kutipulumuka ngati sitiigwiritsa ntchito.

Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene amadziwa kuti mlatho umakokoloka mvula ikalimba ndi mayi amene adanyamulapo mwana wodwala usiku n'kulephera kuoloka. N'chifukwa chake dongosolo la boma limayambira pa inu. Komiti ya VDC imasonkhanitsa anthu a midzi yonse ya a Gulupu, amakambirana mavuto awo, n'kulemba pulani ya chitukuko cha mudzi. Pulaniyo imapita ku ADC, komwe kumakumana oimira ma VDC onse a m'dera la Gogo Chalo, mothandizidwa ndi alangizi a zaulimi, a zaumoyo ndi a zachitukuko. Kuchoka kumeneko imakalowa mu pulani ya boma lonse, imene makhansala amaivomereza ku khonsolo. Mudzi umene sudakhale pansi n'kulemba zofuna zake umadzangoona magalimoto a simenti akudutsa kupita kwa anzawo.

Tsono mvetserani apa, a komiti yatsopano, chifukwa ichi ndicho chandibweretsa. Ma VDC ambiri amadziwa kupititsa mawu kumtunda, koma sadziwa kubweza mawu kwa anthu amene adawatuma. Wapampando akapita ku ADC, pobwera amangolowa m'nyumba mwake. Miyezi imatha, anthu osadziwa kuti pempho lawo lidavomerezedwa, lidakanidwa, kapena silidawerengedwe n'komwe. Pamenepo ndi pamene pamabadwira miseche ndi kukayikirana. Ine ndikupempha kuti msonkhano uliwonse umene mwapita, mukabwera muziitana anthu pabwalo lino n'kuwauza zimene mwamva, zokoma ndi zowawa zomwe. Ngati khonsolo yanena kuti chaka chino ndalama palibe, auzeni anthu momwemo. Anthu a kumudzi si ana. Amamvetsa kusowa, chimene sapirira ndi kubisiridwa.

Zikafika pa ndalama, mulimbe mtima koposa. Kaya ntchito yabwera ndi thumba la chitukuko cha m'madera la CDF, limene lidayamba mu 2006, kaya ndi ndalama zina za khonsolo, kaya ndi bungwe, funsani mafunso oyenera ntchito isadayambe. Ndalama zonse ndi zingati? Kontirakitala ndi ndani, ndipo adasankhidwa bwanji? Matumba a simenti ndi angati, malata ndi angati, ntchito itha liti? Mlembi alembe m'buku, ndipo katundu akamatsitsidwa pakhale anthu owerenga. Musasainire chipupa cha kalasi chimene chayamba kale kung'aluka chifukwa choti wina wakugulirani zoziziritsa kukhosi. M'kalasi imeneyo mudzakhala adzukulu anu. Ndipo musaope kuti kufunsa ndi mwano. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo limateteza mlimi wa m'mudzi muno chimodzimodzi ndi mtolankhani wa mu mzinda. Ndalama za chitukuko ndi misonkho yathu, si mphatso ya munthu.

Chimene chimapasula midzi kwambiri ndi kalembera wa olandira thandizo. Mtukula Pakhomo, umene udayambira ku Mchinji mu 2006, cholinga chake ndi mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito: agogo olera ana amasiye, odwala matenda a mgonagona, aulumali. Pali zipangizo zaulimi zotsika mtengo, pali chimanga cha nthawi ya njala. Paliponse pamene mwapemphedwa kuthandiza kupeza maina, chitani zimenezo masana, anthu akumva. Dzina lolembedwa usiku limalanda nsima pakamwa pa mwana wamasiye. Adzabwera abale anu kudzakupemphani, ena mudzawakhumudwitsa, koma mudzayenda m'mudzi muno mutadzutsa mutu.

Mafumu athu, ndilankhule nanu mwaulemu wonse. Komiti iyi ikufuna uphungu wanu, ikufuna malo omangapo, ikufuna mawu anu poitana anthu kukatuta mchenga ndi kuumba njerwa. Koma dongosolo lidaika mfumu kukhala mlangizi wa komiti, osati wapampando, kuti komiti ikalakwa anthu akhale ndi kokadandaula. Ilekeni igwire ntchito, ndipo ikapotoka muidzudzule poyera. A Khansala, inunso muzibwera kuno ngakhale kulibe chisankho. A ndale a mbali zonse, mjigo sufunsa chipani cha munthu wodzatunga madzi. Zovala za chipani zizitsala kunyumba pobwera ku msonkhano wa chitukuko.

Amayi amene mwasankhidwa, simudalowe kudzakwaniritsa chiwerengero kapena kudzaphikira alendo. Lankhulani. Nkhani za madzi, za sikelo ya ana ndi za atsikana osiya sukulu mumazidziwa kuposa ife tonse.

Kwa inu eni mudzi, ntchito yanu siidathere pa kukweza mkono tsiku la chisankho. Belu likalira, bwerani. Ndalama ya mjigo ya pamwezi perekani, ndipo funsani msungichuma akuonetseni buku ndi malisiti. Ndikupempha a Gulupu kuti tisadabalalike lero, mulengeze tsiku limene komiti iyi idzapereke lipoti lake loyamba pamaso pa anthu onse, ndipo mlembi alilembe m'buku.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti komiti yatsopano ya chitukuko cha m'mudzi muno yayamba ntchito yake. Mulungu adalitse mudzi uno.