Mlimi akalira, msika nawo ulira

Amayi ndi atate a m'misika ya kuno ku Roma ndi ku Ng'ombe.

Imwe mumauka kusanache kupita ku Soweto kukaoda tomato, repu ndi anyezi kwa alimi a ku Chongwe ndi ku Chibombo. Mitengo muidziwa kupambana ife. Koma mtengo wa pa tebulo panu uyambira kumunda.

Mu 2024 chilala chinapsereza chimanga pafupifupi mahekitala 1 miliyoni, dziko lonse linakolola matani 1.5 miliyoni chabe. Unga unadula, mabanja ambiri anakhalira pamela. Mu 2025 mvula inagwa bwino, alimi anakolola matani opitirira 3.6 miliyoni. FRA inaika K340 pa thumba la 50kg, koma alimi ambiri anayembekeza miyezi kuti alandire ndalama zawo.

Manje ganizani. Chimanga wapereka, ndalama kulibe, mvula yayamba. Feteleza agula na chani? Alima pang'ono chabe. Alimi akalima pang'ono, katundu achepa ku Soweto, oda ikwera, makasitomala akalipira imwe. Ndiponso mlimi wopanda ndalama sabwera m'tauni kudzagula salaula, kapenta kapena mapoto anu.

Tipempha boma zinthu zitatu. FRA ilipire mlimi akangopereka chimanga. Feteleza wa FISP afike mvula isanagwe. Alimi ang'onoang'ono athandizidwe ndi madamu ndi mapampu, kuti ndiwo zisasowe m'chilimwe.

Aliyense wobwera kudzapempha voti pa tebulo panu, mumufunse zitatu izi asanakupatseni chitenje.