Matenda a Mtima ndi Madandaulo a Kuchipatala

Lero ndifuna kukamba nanu za matenda a mtima, ndiponso za chimene muyenera kuchita mukaganiza kuti munthu wanu sanaonedwe bwino kuchipatala.

Mtima ukafooka, kawirikawiri supweteka ayi. Munthu angoona kuti akalima mizere iwiri wachita befu, pamene dzinja latha ankatsiriza ndime yonse osapumira. Usiku alephera kugona chagada, agona chokhala, atsokomola, ndipo mapazi ayamba kutupa. Chifukwa chake n'chakuti mtima sukankha magazi mokwanira, tsono madzi adikha m'mapapo ndi m'miyendo.

Kulakwa koyamba kuchitikira kumudzi. Tikaona chifuwa pamodzi ndi kutupa kwa miyendo tifulumira kunena kuti ndi tsempho, kuti wina anathira mchere m'ndiwo asali woyenera. Mlandu ufika kubwalo kwa inu mafumu, mkazi atukwanidwa popanda chifukwa, ndipo miyezi ingapo ipita wodwalayo akumwa zitsamba. Mlandu wotere ukafika kwa inu, yambani mwatumiza wodwalayo kuchipatala. Zokamba zingathe kudikira, mtima sudikira.

Koma ngakhale kuchipatala nthendayi isokoneza. Kubanika ndi kutsokomola zifanana ndi mphumu, chibayo kapena chifuwa chachikulu. Kuwawa kwa pachifuwa kungaoneke ngati zilonda za m'mimba. Pa zipatala zazing'ono za kumidzi, pamene palibe makina ojambulira pachifuwa ndipo mzere wa odwala uli wautali, n'kwapafupi kuti munthu wa mtima apatsidwe mankhwala a nthenda ina.

Anthu atatu muwayang'anire kwambiri. Woyamba ndi wamkulu amene magazi ake athamanga. M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la WHO anayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno, napeza kuti mmodzi mwa atatu aliyense anali ndi vuto limeneli, ndipo ochuluka koposa sankadziwa. Wachiwiri ndi mwana wa sukulu amene adwala zilonda za pakhosi kawirikawiri, kenaka amva kuwawa m'mawondo ndi m'zigongono. Tizilombo ta pakhosipo tikapanda kuphedwa ndi penisilini, nthendayo iwononga zitseko za mkati mwa mtima, ndipo mwana wotere asowa jakisoni mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri. Wachitatu ndi mayi amene wangochira kumene, nayamba kubanika ndi kutupa. Musanene kuti ndi kutopa kwa uchembere.

Mukamaliza mankhwala amene munapatsidwa koma osapeza bwino, bwereraninso msanga, ndipo tengani kabuku komwe kaja ka kuchipatala. Anthu ambiri agula kabuku katsopano ulendo uliwonse, ndipo potero dokotala saona kuti munthuyu wabwera kachitatu ndi nthenda yomweyo. Pemphani mwaulemu kuti akuyezeni kuthamanga kwa magazi ndi kumvetsera mtima. Zikakanika pamenepo, pemphani kalata yopita nayo ku chipatala cha boma pa Ntcheu, chimene chitumiza matenda ovuta ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Koma ngati muli pa mankhwala a chifuwa chachikulu musaleke nokha.

Tsopano za milandu. Dokotala akaphonya nthenda sindiye kuti wapalamula nthawi zonse. Makhoti athu atsata muyeso umene unachokera pa mlandu wa Bolam, woweruzidwa ku England mu 1957: funso ndi lakuti, kodi anachita monga akadachitira dokotala wina wodziwa ntchito ndi wosamala? Ngati anamuyeza wodwala bwinobwino koma nthenda inabisala, mlandu palibe. Koma ngati sanamukhudze n'komwe, kapena anaona zizindikiro zoopsa namubweza kumudzi, pamenepo pali pofunsa. Muyeneranso kusonyeza kuti kusasamalako ndiko kunabweretsa imfa kapena chilema, ndipo apa ndi pamene milandu yambiri igwera.

Njira zodandaulira zilipo, ndipo zoyambazi sizilira ndalama. Pa zipatala za boma pali munthu woikidwa kulandira madandaulo, amene amutcha Hospital Ombudsman. Mungathenso kudzera ku komiti ya chipatala ya kwanuko, imene anthu ake mumawadziwa. Mukapanda kukhutira, lemberani ofesi ya Ombudsman, imene inakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko a 1994. Musaganize kuti ofesiyi iopa zipatala: mu 2019 inatulutsa lipoti lodzudzula kusasamala kumene kunachititsa amayi ena kuchotsedwa chiberekero m'zipatala zikuluzikulu za boma. Za khalidwe la dokotala aweruza a Medical Council of Malawi, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, limene lingathe kumuchenjeza kapena kumuletsa ntchito. Anamwino ndi azamba ali ndi bungwe lawo, Nurses and Midwives Council.

Chipukuta misozi mufunse ku khoti. Chipatala chikakhala cha boma, wosumiridwa ndi Boma lomwe kudzera mwa Attorney General, ndipo amene alibe ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau. Milandu ya kuvulazidwa thupi ili ndi malire a zaka zitatu, tsono musadikire kuti mukolole kaye kachewere kawiri katatu. Sungani kabuku, timapepala ta mankhwala ndi chithunzi cha pachifuwa, ndipo mwana wodziwa kulemba alembe masiku onse amene munapita kuchipatala ndi zimene munauzidwa.

Chinthu chovuta ndi ichi, ndipo ndichinena kwa inu mafumu chifukwa ndinu mupereka manda. Munthu akamwalira mosadziwika bwino, abale afuna kunyamula maliro tsiku lomwelo, ndipo akana kuti thupi lipimidwe. Ndimvetsa chisoni chawo. Koma maliro akaikidwa, n'kovuta kwambiri kusonyeza kuti unali mtima, osati chibayo. Banja likakhala ndi chikayiko, lilangizeni kuti lipemphe kupimako thupi lisanachoke kuchipatala, ndipo aletseni anyamata kupita kukaopseza anamwino, pakuti mlandu ungatembenukire iwo eni.