KODI MAKINA ANGASAINE DZINA?

Usiku uno tikambirane za makina amene aphunzira kulemba ngati munthu, ndi za bvuto limene adzetsa pakati pa anthu ophunzira kwambiri. Kapena wina anganene mumtima mwace kuti, "Za ophunzira zindikhudza bwanji ine wogwira fosholo?" Dekhani, abale anga, mumva.

Katswiri akapeza cinthu catsopano, monga mankhwala kapena njira yocepetsera pfumbi pansi pa mgodi, sacilengeza pamsika ai. Alemba zonse zimene anacita, natumiza pepalalo kwa mkonzi wa magazini ya akatswiri. Mkonzi alipereka kwa akatswiri ena awiri kapena atatu kuti aliyese, ndipo likapambana mayesowo ndi pamene lisindikizidwa. Magazini otere ngakale ndithu: ina ya ku London, yochedwa Philosophical Transactions, inayamba m'caka ca 1665, ndipo ikali kuturuka. Dotolo wopima cifuwa canu atapa nzeru zace m'mapepala otere. Mapepalawo akanama, nayenso adzalakwa, koma cifuwa ncanu.

Tsono pa 30 Novembala 2022 kampani ya ku America yochedwa OpenAI inaturutsa ChatGPT. Makina a mtundu uwu anadyetsedwa zolembedwa zosawerengeka, ndipo m'menemo anaphunzira kuti liu lakuti-lakuti likonda kutsatana ndi liu liti. Cifukwa cace alemba mosalala kwabasi. Koma sayesa ngati zimene alembazo nzoona. Akhoza kuchula buku limene palibe munthu analilemba, natipatsa dzina la wolemba ndi caka comwe, zonse zopeka.

Pofika mwezi wa Januwale 2023 kunali kutaoneka kale mapepala amene anaika ChatGPT pamzere wa olemba, pambali pa maina a anthu. Limodzi linali m'magazini ya anamwino, Nurse Education in Practice. M'mwezi womwewo magazini akuru awiri, Nature ndi Science, anakana kuti makina sangawerengedwe wolemba. Cifukwa cimene anapereka inu a ku migodi mucidziwa kale. Munthu woyang'anira cingwe cimene citsitsa anthu m'mgodi asaina dzina lace m'buku. Cingwe cikaduka, iyeyo aitanidwa nayankha. Dzina la pa pepala la nzeru liri cimodzi-modzi: ndilo lonjezo lakuti mwini wace adzaima pabwalo akafunsidwa. Makina sangaime pabwalo, sangacite manyazi, sangacotsedwe nchito.

Kodi pamenepa titi makinawo atayidwe? Iai. Pafupi-fupi magazini onse akuru asindikizidwa m'Cingelezi. Katswiri wa pa yunivesite ya ku Lusaka kapena ya ku Kitwe, amene anayamwa Cinyanja kapena Cibemba, aona thandizo leni-leni pamene makina amuongolera Cingelezi cace, kuti nzeru zace zisakanidwe cifukwa ca galamala. Ndipo Science, imene poyamba inaletseratu mau olembedwa ndi makina, inafewetsa lamulo lace m'Novembala 2023. Funso latsala ndi ili: munthu agwire bwanji cida ici osanyenga anzace? Pali malamulo atatu.

Loyamba ndilo kuulula. Wolemba anene poyera m'pepala lace kuti anagwiritsa nchito makina ati, ndipo pa mbali iti ya nchitoyo. Bungwe la akonzi a magazini a zamankhwala, lochedwa ICMJE, linaika zimenezi m'malangizo ace m'caka ca 2023.

Laciwiri ndilo kuyesa ndi maso ako liu liri lonse, pakuti kuulula kokha sikukwanira. M'Febuluwale 2024 magazini ya Frontiers in Cell and Developmental Biology inasindikiza pepala la ofufuza a ku China lokhala ndi cithunzi ca khoswe wa ziwalo zobisika zazikuru koopsya, pamodzi ndi mau osatanthauza kanthu m'cinenero ciri conse. Olembawo anaulula kuti zithunzi zinajambulidwa ndi makina ochedwa Midjourney, koma zithunzizo zinali zabodzabe, ndipo patapita masiku owerengeka pepalalo linafafanizidwa. Mwezi wotsatira anthu anapeza pepala lina, lonena za mabatire, m'magazini ya Surfaces and Interfaces, limene mzere wace woyamba unali mau a makina omwe, ouza mwini wace kuti nawa mau oyamba amene munapempha. Mzere umenewo unapyola pamaso pa olemba, oyesa ndi mkonzi. Ngati mzere woyamba unawapulumuka, nanga manambala a m'kati tiwakhulupirire bwanji?

Lacitatu likhudza oyesa mapepala a anzao. Pepala losasindikizidwa ncinsinsi cimene munthu wasungitsa. Kulilowetsa m'makina a kampani ina ndiko kupereka katundu wa mnzako kwa mlendo mwini wace osadziwa. Pa cifukwa ici bungwe la boma la America lopereka ndarama zofufuzira matenda, National Institutes of Health, linaletsa oyesa ace m'Juni 2023 kugwiritsa nchito makina otere poweruza mapempho a ndarama.

Pali cimene cikankhira ophunzira ku cinyengo. M'mayunivesite ambiri munthu akwezedwa pa nchito molingana ndi kucuruka kwa mapepala ace, ndipo makina alemba m'mphindi zocepa zimene munthu akadalemba mwezi wathunthu. Koma akuru anati mlandu suola. Pepala lofafanizidwa silibisika. Likhalabe poonekera ndi cizindikiro ca kufafanizidwa kwace, ndi dzina la mwini wace pamwamba.

Ambiri a inu mwakhetsa thukuta kuti ana anu afike ku sukulu zapamwamba, ndipo makina awa ali kale m'mafoni ao. Musawaletse cida cabwino. Koma mwana akakuonetsani pepala lace, mfunseni kuti, "Kodi zonse zalembedwa apa ungaziyankhe wekha, makina palibe?" Akati inde, dzina lace liyenera kukhalapo.