Injini ikatentha: pezani pamene pakudontha madzi musanafike kugalaja

 Lero tikambirana za galimoto, makamaka injini ikatentha chifukwa madzi akudontha penapake. Ambirife tikuyendetsa tiVitz, tiPasso, Fit, Note kapena Demio, zimene zinafika kuno zitayenda kale zaka zambiri ku Japan. Mapaipi ndi mapulasitiki ake amakhala atatopa. Kapaipi kamodzi kong'ambika mukakanyalanyaza, mapeto ake ndi kuphwasula injini yonse. Komanso tikudziwa tonse kuti mtsikana amene sakudziwa chomwe chavuta ndi amene amatchajidwa kwambiri kugalaja, kapena kuima yekha pamsewu usiku kudikira munthu wosamudziwa.

Poyamba timvetse ntchito ya madziwa. Injini imawotcha petulo, ndipo kutentha kwambiri kumatsalira m'zitsulo zake. Madzi a mu ledieta, amene timati coolant, amazungulira mu injini mokankhidwa ndi water pump, n'kupita ku ledieta kumene mphepo ndi fani zimawaziziritsa. Panjirapo pali kachitseko kotchedwa thermostat, kamene kamatseguka madzi akadutsa madigiri 80. Injini yabwinobwino imagwira ntchito pa madigiri apakati pa 90 ndi 105. Koma madzi wamba amawira pa 100, ndipo kumtunda kuno ngati ku Lilongwe ndi Blantyre amawira asanafike n'komwe pamenepo. Nanga bwanji sawira mu injini? Chinsinsi chili pa chitsekerero cha ledieta. Chimatsekera pressure mkati ngati poto wa pressure cooker, ndipo nambala yake, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1, imalembedwa pamwamba pake. Ndiye pakabooka pena pake, mavuto amakhala awiri: madzi akuchepa, pressure ikuthawa, ndipo otsalawo amawira msanga.

Mudziwa bwanji kuti zavuta? Galimoto zina zili ndi muvi wa pakati pa C ndi H. Zambiri zing'onozing'ono zilibe muvi, zimangokhala ndi kanyali kojambula thermometer. Kakayaka ka buluu kapena kobiriwira m'mawa, ndiye kuti injini idakali yozizira, palibe vuto. Kakayaka kofiira, asisi, imeneyo si nkhani yoti "ndatsala pang'ono kufika". Zimitsani AC, patukani pamalo abwino, yatsani ma hazard, zimitsani injini. Ngati malo ali oopsa ndipo mukufunika kusuntha pang'ono, tsegulani heater mpaka kumapeto, chifukwa imachotsako kutentha kwina mu injini. Koma mukaona nthunzi ikutuluka ku boneti, imani pomwepo. Zimenezi zimachitika kwambiri pa mzere wa magalimoto m'tauni mwezi wa Okutobala, kapena pokwera zitunda ngati kuchokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre, kapena pa Chiweta.

Apa mvetsetsani bwino. Musatsegule chitsekerero cha ledieta injini ili yotentha. Madzi aja amathovoka ngati kasupe ndipo amawotcha nkhope ndi manja koopsa. Dikirani mphindi zosachepera 30. Kenako gwirani paipi yaikulu ya pamwamba ndi kansalu, muifinye. Ikakhala yolimba gwa, pressure idakalimo, dikiranibe. Musathire madzi ozizira pa injini yotentha, chitsulo chikhoza kusweka. Ndipo tsitsi, sikafu ndi zala zikhale kutali ndi fani, chifukwa pa galimoto zina imatha kuyamba kuzungulira injini ili yozimitsa.

Ikazizira, yang'anani kathanki kapulasitiki ka pambali pa ledieta. Kali ndi mizere iwiri, wa pansi ndi wa pamwamba. Ngati madzi ali pansi pa mzere wa m'munsi, tsegulani ledieta pang'onopang'ono ndi nsalu, muwonjezere. Ngati mulibe coolant, madzi oyera angakufikitseni kugalaja yapafupi, maso ali pa kanyali kaja. Koma mukathira n'kuona akungotayikira pansi, musalize injini. Itanani wokoka. Ndalama ya wokoka ndi yochepa poyerekeza ndi ya injini.

Tsopano tiyeni tisake pamene pakudontha. Madzulo yalani katoni pansi pa injini, m'mawa muone. Coolant amakhala wobiriwira, wa pinki, wofiira kapena wa buluu, amanunkhira motsekemera ndipo amaterera pang'ono m'zala. Madzi oyera opanda fungo amene amadontha mutayatsa AC si vuto ayi. Oyilo wa gearbox ya automatic nayenso amatha kukhala wofiira, koma iye ndi wamafuta enieni, musasokoneze. Pamene pagwera dontho pa katoni, yang'anani chakumwamba kwake ndi tochi ya foni.

Malo okayikitsa ndi awa. Choyamba mapaipi: onani ngati atupa, ang'aluka, kapena afewa ngati nthochi yakupsa, makamaka kumapeto pamene pali kilampu. Coolant akauma amasiya zoyera kapena za pinki ngati mchere, ndipo zimenezo zimakulozerani malo. Chachiwiri ledieta yeniyeniyo, makamaka pamene pulasitiki imalumikizana ndi aluminiyamu. Pulasitiki ikakalamba imasintha mtundu n'kuyamba ming'alu. Chachitatu chitsekerero: labala wake akatha, madzi amathawa ngati nthunzi osasiya dontho pansi. Chachinayi water pump: ili ndi kabowo kamene kamayamba kudontha ikatha, ndipo nthawi zina imalira mokhulula. Chachisanu chili mkati mwa galimoto. Mukapeza kapeti ya kutsogolo yanyowa, galasi likuchita nthunzi ndipo mukumveka fungo lotsekemera, ndiye kuti kaledieta ka heater kabooka.

Pali vuto lina lalikulu loposa onsewa, lomwe ndi head gasket. Ikapsa, madzi amalowa mkati mwa injini osagwera pansi. Zizindikiro zake ndi utsi woyera wambiri ku ekizozi umene sukutha ngakhale injini itatentha, oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, ndi thovu losatha mu kathanki kaja injini ikulira. Komanso dziwani kuti injini ikhoza kutentha popanda kudontha kulikonse: fani ikhoza kufa, fyuzi kupsa, kapena thermostat kukanirira osatseguka. Pa galimoto zambiri mukayatsa AC fani imayenera kuzungulira. Ikangokhala duu, mwapeza poyambira.

Zina mungakonze nokha. Chitsekerero, gulani cha nambala yofanana ndi chakalecho. Paipi, dikirani injini izizire, tsitsirani madzi m'beseni, masulani makilampu ndi pulayazi, chotsani yakaleyo, ikani yatsopano n'kumanga. Kenako thirani coolant. Ngati ndi wofunika kusungunula, sakanizani theka coolant theka madzi, makamaka madzi a batire opanda asidi aja, chifukwa madzi a pamjigo ndi apampopi amasiya zokhakhala ndi dzimbiri m'timapaipi ta ledieta. Musasakanize mitundu ya coolant mwachisawawa, onani zimene buku la galimoto yanu likunena. Mukatha, lizani injini chitsekerero chili chotsegula, heater ili pa moto, mpaka thovu la mpweya lithe ndipo paipi ya pamwamba itenthe. Wonjezerani, tsekani, ndipo m'mawa mwake muonenso mzere uja. Mpweya ukatsalira mkati, injini imatenthanso ngakhale bowo litatsekedwa.

Water pump, ledieta ndi head gasket, zimenezo pitani nazo kwa amakaniko. Koma pitani ndi mafunso. Nenani kuti: "Achimwene, ndionetseni pamene pakudontha." Pemphani pressure test, pamene amapopera mpweya mu ledieta injini ili yozizira ndipo bowo limadziulula lokha. Akakuuzani kuti ndi head gasket, funsani kuti adziwa bwanji. Pali mankhwala oyezera amene amasintha mtundu kuchoka ku buluu kupita ku chikasu ngati utsi wa injini ukulowa m'madzi. Funsaninso ngati hedi ikayezedwe, chifukwa ya aluminiyamu imapindika ikatenthedwa, ndipo gasket yatsopano pa hedi yopindika imapsanso. Mtengo wa sipeya ndi wa ntchito aulembe padera ntchito isanayambe, ndipo zitsulo zakale akubwezereni.

Pali zinthu ziwiri zoti muzikana. Wina akati achotse thermostat chifukwa "kuno n'kotentha", musavomere. Injini imachedwa kufika pa kutentha kwake, imamwa petulo wambiri, ndipo vuto lenileni limangobisika. Ngati yafa, aike ina. Wina akati athire dzira, sopo kapena tsabola mu ledieta kuti atseke bowo, kananinso. Zimenezo zimatseka timapaipi tabwinobwino tomwe.

Chomaliza chikukhudza kunyumba. Coolant wambiri amapangidwa ndi ethylene glycol, yomwe ndi poizoni wowononga impso, koma imakoma ngati shuga ndipo mtundu wake umafanana ndi chakumwa. Musamusunge m'botolo la Fanta kapena la madzi akumwa, musamusiye m'beseni pakhonde pamene pali ana ndi agalu. Mwana akamwa, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, musadikire kuti ayambe kudwala.

Ndiye ntchito yanu ndi iyi: kamodzi pa sabata, m'mawa musanalize injini, tsegulani boneti muone mzere wa kathanki. M'buti musasowe botolo la malita asanu la madzi, nsalu yokhuthala, tochi ndi nambala ya wokoka amene mumamukhulupirira. Amene mwabwera ndi magalimoto, tikatha mafunso tituluke tonse panja, aliyense atsegule boneti yake ndi manja ake, tiloze ledieta, chitsekerero ndi mapaipi.