Bala la m'mutu la msilikali wopuma ntchito: momwe banja lingapemphere chipukuta misozi



M'midzi ya boma la Nkhotakota, kuyambira kwa Mwadzama, kudutsa kwa Malengachanzi mpaka kwa Kanyenda, muli amuna ndi akazi amene anatumikira dziko lino pa ntchito ya usilikali. Ena analondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992. Ena anapita ku Democratic Republic of Congo, kumene asilikali a Malawi analowa m'gulu lapadera la United Nations lolimbana ndi zigawenga mu 2013. Dziko limakumbukira asilikali asanu ndi mmodzi amene anaphedwa kufupi ndi Beni mu November 2018, mmodzi mwa iwo Private Chancy Chitete. Nkhani ya lero ikukhudza amene anabwerera kwawo ndi moyo, manja ndi miyendo zili bwinobwino, koma ubongo utavulala.

Bomba likaphulika pafupi, kapena galimoto ikagubuduzika, ubongo umagwedezeka ndi kuwombana ndi chigaza ngakhale pakhungu pasatuluke magazi. Zotsatira zake zimatha kukhalapo kwa zaka: mutu wosaleka, chizungulire, kulira kwa m'makutu, kuiwalaiwala, kusowa tulo, kupsa mtima msanga, ndipo kwa ena kugwa khunyu. Pamudzi anthu amafulumira kunena kuti munthuyo analodzedwa kapena wasokonezeka ndi mowa. Chuma cha banja chimathera kwa asing'anga, zaka n'kumapita popanda dokotala wolemba kanthu. Kunyanja kuno ngoziyo imakula, pakuti wodwala khunyu akagwa ali m'bwato usiku pokapha usipa, amamira. Munthu wotere asapite pamadzi, ndiponso asayendetse njinga yamoto ya kabaza, kufikira achipatala atamuyeza.

Pempho la chipukuta misozi limafuna umboni wa zinthu zitatu: kuti munthuyo analidi msilikali, kuti anavulala ali pa ntchito, ndi kuti mavuto a lero akuchokera ku kuvulalako. Umboni woyamba ndi nambala yake ya usilikali, kalata yopumira ntchito ndi chiphaso cha unzika. Wachiwiri ndi makalata a chipatala a nthawi imeneyo, tsiku ndi malo a ngozi, komanso mayina a anzake amene analipo. Wachitatu ndiye wovuta, ndipo umayambira pa chipatala chachikulu cha Nkhotakota. Wodwala afotokozere dokotala za ngozi ya ku usilikali, ndipo apemphe kuti zilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Ngati pakufunika akatswiri, chipatala chimatumiza wodwala ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Makina ojambula m'mutu nthawi zina saonetsa kanthu ngakhale munthu akuvutikadi, choncho chithunzi choyera sichitanthauza kuti nkhani yatha.

Apa ndi pamene mkazi, mwamuna kapena mwana wa msilikaliyo ali ndi udindo waukulu. Munthu woiwalaiwala sangathe kufotokoza bwino matenda ake, ndipo asilikali ambiri anazolowera kupirira osadandaula. Wapabanja agule kope, azilembamo tsiku limene wodwala wagwa, wasochera kapena wachezera usiku wonse osagona, ndipo azimuperekeza kuchipatala ndi kopelo.

Khonsolo silipereka chipukuta misozi cha asilikali. Pempho lilembedwe kupita ku likulu la asilikali ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, ndipo bungwe la asilikali opuma ntchito la VELOM lingathe kuwongolera banja. Kwa amene anavulala pa ntchito ya United Nations, bungwelo lili ndi ndondomeko yolipira imfa ndi ulumali, koma pempho limadzera ku boma la Malawi, osati kuchoka kwa msilikali mwiniwake. Kuyambira mu 2018, malipiro a imfa ndi madola 77,000 a ku America, ndipo a ulumali amawerengedwa potengera kukula kwa ulumaliwo monga madokotala auyezera.

Makalata enieni asachoke m'nyumba. Ku maofesi kupite mafotokope, ndipo banja lilembe tsiku ndi dzina la ofesi imene yalandira. Munthu wofuna ndalama kuti "afulumizitse" fayilo ndi wakuba. Ofesi ya boma ikangokhala chete kwa nthawi yaitali, dandaulo lingathe kupita kwa Ombudsman, ndipo osowa ndalama za loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa khonsolo pano ingathe kulangiza za chithandizo china cha anthu aulumali.

Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma bala la m'mutu limalanda munthu nzeru zotsekulira chitsekocho, ndipo makalata amatayika, mboni nazo zimamwalira. Mafumu ndi makomiti a chitukuko cha m'midzi akupemphedwa kuyendera mabanja a asilikali opuma ntchito m'madera mwawo mwezi uno, ndi kuonetsetsa kuti aliyense amene ali ndi zizindikiro zimenezi wafika kuchipatala ndi mperekezi wake.